Kulankhula n'kwina, kumveka n'kwina

Anzanga amene mwaima pabolodi pano, musathamangire kaye ku zotsatira za mpira. Nkhani yangayi ndi yaitaliko, yadya mapepala angapo, koma ikukhudza aliyense amene aphunzitsi anamuuzapo kuti, "Mawa gulu lanu libwere kutsogolo lidzaprezente." A Fomu 1, chonde musang'ambe kona ya pepalali, anzanu nawonso awerenge mpaka kumapeto.

Ndiyamba ndi manyazi anga, poti ena mwa inu munalipo.

Kumayambiriro kwa teremu ino kunali msonkhano wa makolo. Aphunzitsi a Ulimi anandisankha kuti ndilankhule za kukokoloka kwa nthaka, chifukwa chigwembe chija cha kuseri kwa zimbudzi chikukulirakulira chaka ndi chaka. Ndinakondwa kwabasi. Masiku atatu ndinaloweza notsi usiku ndi tochi, mpaka amayi kundikalipira kuti ndikutha mabatire. Tsikulo litakwana ndinaima kutsogolo, yunifolomu yosita bwinobwino, n'kuyamba ndi tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka m'Chingerezi, ndendende mmene lilili m'kope. Kenako mitundu yake inayi. Kenako zoyambitsa zake. Sindinaphonye liwu ngakhale limodzi.

Ndili pakati ndinaona agogo anga, amene anayala chitenje kutsogolo komwe, akugwedeza mutu. Mumtima ndinati eya, akuvomereza. Kuyang'anitsitsa, agogo akuwodzera! Abambo ena kumbuyo anali atayamba zawo za mitengo ya feteleza. Nditamaliza anthu anaomba m'manja mwamphamvu, koma inu mukudziwa kuti kwathu kuno timaombera m'manja aliyense, ngakhale amene wangoimirira kunena kuti alibe mawu.

Pobwerera kunyumba, tikukwera chitunda, agogo anati, "Mwana iwe, Chizungu ndiye wachitha. Koma umati chiyani kuja?" Ndinawafotokozera mwachidule. Iwo anaima n'kundiyang'ana. "Oo, za madzi kutenga dothi? Nanga bwanji sunangotero?"

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kukalipiridwa. Munda wa agogo uli potsetsereka, monga ilili minda yambiri m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno. Kumtunda kwake chimanga chimatuluka chachikasu, chowonda ngati mapira, ndipo pakati padutsa kachigwembe kamene kale ndinkakalumpha koma pano ndimachita kuzungulira. Nsima imene ndimadya ndikaweruka imachokera m'munda umenewo. Ndiye kuti munthu amene ankafunikira uthenga wanga kuposa wina aliyense pa msonkhano uja ndi amene ndinamugonetsa.

Patapita milungu itatu kumudzi kwathu kunabwera alangizi a zaulimi, nkhani yake yomweyo. Linali Loweruka, choncho ndinapita, mwina ndi kansanje pang'ono, kuti ndione ngati iwowo anthu sawagonera. Ndikufuna ndifotokoze mwatsatanetsatane zimene anachita, chifukwa phunziro lonse lili pamenepo.

Atatsika pa njinga yamoto n'kupereka ulemu kwa amfumu, anapempha kuti tisakhale pansi pa mtengo, tipite kumunda. Kumundako anasankha malo awiri oyandikana potsetsereka. Pena anasiya dothi lili mbee, pena anaphimba ndi mapesi. Kumunsi kwa malo aliwonse anakumba kadzenje n'kuikamo beseni. Ndiye anapatsa mnyamata wina kheni yothirira kudimba kuti athire madzi ofanana mbali zonse ziwiri, atakweza m'mwamba ngati mvula. M'beseni la popanda mapesi munadzaza madzi ofiira, amatope. M'linalo munalowa madzi ochepa, oyererako. Alangizi sananene kanthu. Anangonyamula beseni la matope lija n'kuzungulira nalo kuti aliyense asuzumire, ena mpaka kupisamo chala.

Kenako anafunsa, "Feteleza wa chaka chatha munagula ndalama zingati?" Anthu anatchula, ena akudandaula. "Munathira pa dothi liti, lapamwamba kapena lapansi?" Lapamwamba. Anakweza beseni. "Ndiye uyu ali muno. Akupita kunyanja, nsomba za ku Salima ndi ku Nkhotakota zikalime." Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene waluma mchenga mu nsima.

Atatero ndi pamene anatulutsa chida chooneka ngati chilembo A, chimene iwo amachitchula A-felemu. Ndi timitengo tiwiri totalika mofanana, tomangidwa kumwamba, ndi kamtengo kachitatu kopingasa pakati. Pamwamba pamalendewera chingwe chokhala ndi mwala kunsonga. Umaimika chidacho pansi n'kulemba pa kamtengo kopingasa pamene chingwe chagwera. Umatembenuza, mwendo uwu upite pamene panali unzake, n'kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene umasema mzere weniweni. Kuyambira pamenepo, chingwe chikagwera pa mzerewo ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaponda malo okwera mofanana. Umakhoma chikhomo, kutembenuza chidacho, kukhomanso, mpaka wadutsa munda wonse mopingasa phiri. Motsatira zikhomozo umaunga mzere waukulu, ndiwo kalozera. Mizere ina yonse imatsata kalozerayo, ndipo pa iye umadzala udzu wa vetiva kuti ugwire dothi. Pamene patsetsereka kwambiri akalozera amayandikana.

Mwaona mmene ndavutikira kulemba ndime imeneyi? Ndipo ndikudziwa kuti ena mwasokonezeka pa "kutembenuza" paja. Alangizi sanavutike choncho ayi. Anangopereka chidacho kwa amayi ena kuti agwire. Amayiwo analakwitsa, anzawo anakuwa kuti mwala sunafike pa mzere, anasuntha mwendo, zinatheka. Wachiwiri sanalakwitse n'komwe. Dzuwa lisanafike pamutu, kalozera woyamba anali ataungidwa, amayi atayambitsa kanyimbo kotsagana ndi makasu. Pomaliza alangizi anagawa timapepala tochepa ta Chichewa tokhala ndi zithunzi kwa amene amawerenga. Amalume anapinda kawo n'kuika m'thumba la malaya, ndipo usiku ndinawaona akukawerenga ndi magalasi awo othyoka mwendo aja. Agogo sanawodzere ngakhale kamodzi.

Lolemba ndinawafotokozera aphunzitsi a Chingerezi zonsezi. Iwo anati nkhaniyi ili ndi dzina m'mabuku a uphunzitsi. Mu 1987 mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Neil Fleming, amene anagwirapo ntchito yoyendera sukulu, anagawa njira zimene anthu amakonda pophunzira m'magulu anayi. Alipo okonda kuona, monga mapu ndi zojambula. Alipo okonda kumva ndi kukambirana. Ena amakonda kuwerenga ndi kulemba, ndipo ena amafuna agwire ndi manja, ayese okha. Anazipatsa dzina loti VARK, kuchokera ku zilembo zoyamba za mawu anayiwo m'Chingerezi, n'kukonza mafunso oti munthu ayankhe kuti adziwe kumene amapendekera. Mukaonetsetsa, alangizi aja anadutsa m'njira zonse zinayi m'mawa umodzi: beseni la maso, funso la makutu, chida cha manja, kapepala ka owerenga.

Nditamva zimenezo ndinalumpha. Ndinati basi, ine ndine wa maso, agogo ndi a manja, amalume ndi owerenga, nkhani yatha. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti ndidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali gawo lachiwiri, ndipo ndi limene landichititsa kulemba pabolodi pano.

Mu 2008 akatswiri anayi a za kaganizidwe ka munthu ku America, motsogozedwa ndi Harold Pashler, anasanthula kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi. Funso lawo linali losavuta. Tikatenga anthu amene amati ndi "a maso" n'kuwaphunzitsa ndi zithunzi, ndipo "a makutu" n'kuwaphunzitsa ndi mawu, kodi amakhoza bwino mayeso kuposa tikawasinthanitsa? Anapeza kuti ofufuza amene anayesa funsoli m'njira yoyenera anali ochepa kwambiri, ndipo mwa ochepawo umboni wokwanira wotsimikiza zimenezi sunapezeke. N'zoona kuti anthu amakonda njira zosiyana. Koma kukonda njira ina sikutanthauza kuti mutu wako umangolowa zinthu kudzera pa khomo limenelo basi.

Ndinaganizira zimenezi ulendo wonse wobwerera kunyumba, ndipo mukudziwa kuti ena a ife ulendo wake ndi wautali. Ndinaona kuti n'zoona. Pa tsiku la alangizi lija sipanakhale gulu loona beseni, gulu lina logwira chida, lina lowerenga. Tonse tinaona, tonse tinamva, ndipo aliyense amene anagwira chidacho anachimvetsa kuposa amene anangoonerera. Amalume owerenga aja nawonso anayamba agwira. Kapepala kanawathandiza kukumbukira zimene manja anali atadziwa kale.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Chimene chimalamula njira yofotokozera, choyamba, ndi chinthu chimene ukufotokozacho. Kupalasa njinga palibe anaphunzira pomvera wailesi. Nyimbo ya kwaya sungaiphunzire poyang'ana chithunzi. Mapu a Malawi, kuti udziwe kuti Ntchisi ali kumpoto kwa Dowa ndipo Salima ali kum'mawa, uyenera kuwaona, ngakhale utakhala wokonda kumvetsera chotani. Kudzala chimanga kwa Sasakawa mutha kukunena pakamwa, kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Koma perekani kamtengo kodulidwa pa muyeso wa masentimita 25, muone ngati pali amene angafunsenso. Ine ndinatenga nkhani ya madzi ndi dothi, chinthu chooneka ndi maso, chogwirika ndi manja, n'kuchisandutsa mndandanda wa mawu. Ngakhale ndikanalankhula Chichewa chokhachokha, theka la anthu likanagonabe.

Chachiwiri ndi anthu amene ali patsogolo pako. Apa pali kusiyana kwenikweni, koma si kuja kwa "wa maso" ndi "wa makutu". Ndi zinthu zimene ungazidziwe utangofunsa kapena kuyang'ana.

Chilankhulo ndicho chachikulu. Ife tinayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi kumakalasi akuluakulu a pulayimale, ndipo mpaka lero, tinene zoona, ambiri timamasulira m'mutu aphunzitsi akamalankhula. Nanga agogo amene sanapiteko? Sikuti Chingerezi chinawagonetsa chifukwa ndi osadziwa zinthu. Za dothi amadziwa kuposa ine, akhoza kukuuzani ndi chala chokha kuti apa ndi katondo, apa ndi makande. Ndinangowatsekera kunja. Ndipo musaganize kuti Chichewa chimatha zonse m'boma la Dowa. Ku Dzaleka, kumene kwakhala kukufikira anthu othawa kwawo kuyambira mu 1994, kuli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia, Ethiopia ndi kwina. Kumeneko mumamva Chiswahili, Chifalansa, Chirundi, Chinyarwanda. Amene amakagulitsa tomato kumeneko amati mawu akatha, mtengo umanenedwa ndi zala kapena kulembedwa pa foni, ndipo malonda amayenda. Wogulitsa sadikira kuti wogula aphunzire kaye chilankhulo chake. Amafuna kumveka, ndiye amapeza njira. Ine pa msonkhano paja sindinkafuna kumveka, ndinkafuna kuoneka wanzeru. Zimandiwawa kulemba zimenezi koma ndi zoona.

Kwina ndi zimene anthu akudziwa kale. Alangizi sanayambe ndi tanthauzo, anayamba ndi mtengo wa feteleza, chinthu chimene aliyense chimamusowetsa tulo. Kuchokera pamenepo ndi pomwe anatitengera ku zachilendo. Tanthauzo, ngati likufunika, libwere anthu ataona kale chinthucho.

Palinso za thupi, zimene timaziiwala kawirikawiri. M'kalasi muli anzathu amene saona bwino patali, ndipo anzathu achialubino ambiri ali ndi vuto limeneli. Mukajambula pa tchati ndi bolopeni yofiira, tizilembo tating'ono ngati nyerere, mwawasiya. Ena samva bwino, amadalira kuyang'ana pakamwa pako, ndiye ukamalankhula utayang'ana kubolodi, kwa iwo wangokhala chete. Pa misonkhano ya kumudzi amayi amakhala mbali yawo, nthawi zambiri pansi ndiponso chapatali, abambo pa mipando pafupi ndi wolankhula. Ndinaona kuti alangizi aja ankachita kuyenda kupita kumene kuli amayi, ndipo chida anayamba kupatsa mayi. Sizinangochitika. Iwo akudziwa amene amakhala m'munda tsiku lonse. Ndiye pali njala. Gulu limene likuprezenta piriyodi yomaliza, anthu atadzuka 5 koloko osadya kanthu, lifupikitse ndipo litiimiritseko.

Pali munthu wina wa pafupi konkuno amene nkhani yake imandithandiza. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, kumene anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankadalira zojambula za m'mabukuwo, n'kumalondola mawu kuchokera pa chithunzi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2007 anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Analankhula mawu ochepa, Chingerezi chikumuvuta, koma kumbuyo kwake ankaonetsa zithunzi za makinawo, ndipo anthu anamva. Wina anganene kuti ameneyo ndiye "wa maso" weniweni. Koma taonani zimene anachita. Chithunzi chinamufikitsa ku mawu, mawu anamufikitsa ku mawaya, ndipo anayesa ndi manja kambirimbiri. Sanakhale pa zithunzi pomwepo. Anabwerera kusukulu, anaphunzirako pa Madisi pompa, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America, kumene mabuku ake si a zithunzi zokhazokha.

Ndikunena izi chifukwa ndamva ena m'kalasi mwathu akuti, "Ine zowerenga si mbali yanga, ndine wa zamanja." Aise, a MANEB sadzabwera ndi khasu. JCE ndi pepala ndi bolopeni. Ukadzipatsa dzina lotere wadzitsekera khomo wekha. Ngati kugwira kumakuthandiza, gwira, koma ukatero khala pansi ulembe zimene wagwirazo m'mawu ako. Ngati umakonda notsi, tseka kope ujambule chinthucho osaonera. Ine ndinayesa kujambula mtima wa munthu nditatseka buku la Biology, ndinapeza kuti zimene ndinkati ndikuzidziwa zinali mawu chabe, magazi sindinkadziwa kumene amalowera.

Zosakaniza njirazi si zachilendo kwathu kuno, ngakhale Fleming asanabadwe. Taganizirani nthano za madzulo. Wokamba akati "Padangokhala," tonse timayankha "Tili tonse," ndipo timayankhabe mpaka nthano ithe. Kuyankha kuja ndi njira yoonera amene wagona. Pakati pa nthano pamakhala nyimbo yoti tonse tivomere, wokamba amasintha mawu akafika pa Kalulu, amasinthanso akafika pa Fisi, manja akugwira ntchito. N'chifukwa chake nthano imene unamva uli ndi zaka zisanu ukuikumbukirabe, pamene notsi za sabata yatha zauluka. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amalangizanso anthu pabwalo ndi ng'oma, nyimbo ndi mavinidwe, ndipo aliyense amabwerako akudziwa khalidwe limene ladzudzulidwa popanda wowerenga pepala. Zambiri za kumeneko si zanga kunena, ndasiyira pomwepa.

A zaulimi nawo anazindikira kalekale. Pa wailesi ya MBC pali pulogalamu ya Ulimi wa Lero, ya amene ali ndi wailesi. Panali magazini ya Za Achikumbi, ya owerenga. Akuluakulu amakumbukira galimoto yachikasu imene inkayenda m'midzi kuonetsa kanema ndi zidole zophunzitsa ulimi, ana mpaka kuithamangira. Ndipo pali minda yachitsanzo m'mbali mwa msewu, ndi alimi otsogola amene amaphunzitsa anzawo m'mudzi momwemo. Uthenga umodzi, makomo ambiri.

Pena kumveka kapena kusamveka ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Azaumoyo atabwera kwathu sanatiuze dzina la kachilombo m'Chilatini. Anatenga paketi ya Thanzi, mabotolo awiri a theka la lita a madzi owiritsa, n'kusungunula ife tikuona: paketi imodzi, lita imodzi, ndipo zikatsala mpaka tsiku lathunthu mutaye, mupange zina. Kenako anaitana mayi wina kuti apange yekha. Mayiyo anathira botolo limodzi lokha n'kufuna kuyamba kutakasa. Akanangofunsidwa kuti "Mwamva?" akanayankha kuti eya, n'kukamwetsa mwana mankhwala okhathamira mchere. Cholakwacho chinaoneka chifukwa anauzidwa kuti achite. Mpondagiya wosambira m'manja nayenso anamangidwa pomwepo, ana tikupikisana kuponda.

Funso la "Mwamva?" limeneli ndilo bodza lalikulu m'makalasi mwathu. Gulu likamaliza kuwerenga tchati limafunsa, "Mwamva?" Tonse, "Eeee!" "Pali funso?" Zii. Amakhala pansi akumwetulira, ife osatolapo kanthu. Timayankha choncho chifukwa cha ulemu, chifukwa cha manyazi, komanso kuti zithe msanga. Ngati mukufunadi kudziwa, itanani munthu mmodzi wa kumbuyo abwere aloze pa chojambula, kapena auze mnzake wa pambali m'mawu akeake. Poyamba anthu adzakudani pang'ono. Sabata inayo adzamvetsera.

Ndiye gulu lanu likapatsidwa mutu, musayambe ndi kugawana kuti ndani awerenge ndime iti. Yambani mwafunsana kuti, chinthu chimenechi chimaoneka, chimamveka, kapena chimagwirika? Ngati n'chotheka kubwera nacho, bwerani nacho. Duwa la chitedze ayi, koma la maungu kapena la therere lilipo, ndipo kuling'amba pakati kumaphunzitsa kuposa kutchula ziwalo zake khumi pamtima. Dothi lilipo lambiri, mabotolo ali mbwee kumsika. Ngati sichinyamulika, jambulani chachikulu ndi makala kapena choko, mawu ochepa pambali pake, ndipo muziloza mukamalankhula kuti diso ndi khutu ziyendere limodzi. Liwu la Chingerezi limene lidzabwere pa mayeso linenedwe, lilembedwe pabolodi, koma chinthucho chiyambe chamveka. Aphunzitsi ena salola Chichewa m'kalasi, ndipo chifukwa chawo ndikuchimvetsa, mayeso ndi a Chingerezi. Pamenepo ndiye chojambula ndi chinthu chogwirika zimafunika koposa, chifukwa zilibe chilankhulo. Ndipo pepala lija musalikumbatire kumaso ngati mukubisala mvula. Tiyang'aneni. Nkhope zathu zikuuzani pamene tasochera.

Ndibwerere kwa agogo, chifukwa anandiphunzitsa china chimene sichili mwa Fleming kapena mwa Pashler.

Loweruka linalo ine ndi amalume tinapanga A-felemu yathu ndi nsungwi, n'kupita nayo kumunda kwa agogo. Ndinaganiza kuti akondwa. Anakhala pa chulu n'kutiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zimenezi si zatsopano. Ndi malimidwe." Ndinafunsa kuti malimidwe n'chiyani. Anati bambo awo ankawasimbira kuti nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, boma linkakakamiza anthu kuunga milambala ndi mizere yopingasa, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Ndinakafunsa aphunzitsi a History, anati n'zoona, malamulo amenewo analipo ndipo anthu ankadana nawo kwambiri, moti ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinakwiyitsa anthu a m'midzi pa nthawi yomenyera ufulu. Tangoganizani. Uthenga wake unali womwewu, woteteza dothi, ndipo pa dothipo sunali wabodza. Koma unabwera ndi chikwapu, wopanda beseni, wopanda funso, ndipo anthu anaukana mpaka kuusimbira ana awo ngati nkhanza.

Ndinafunsa agogo kuti nanga bwanji kwa alangizi aja sanatsutse. Anati, "Ajawa anatifunsa. Anatipatsa kuti tigwire tokha." Kenako anandiyang'ana mwa kuseka kwawo kuja. "Iwenso ukanandifunsa, ndikanakuuza pamene madzi amayambira. Si pamene mwaima apo."

Anadzuka n'kutitsogolera kumtunda, pafupi ndi mwala waukulu umene uli m'malire ndi munda wa eni ake. Anatisonyeza kanjira kamene madzi amatsikira kuchokera ku njira ya ng'ombe, kamene ine sindinakaonepo chikhalire ndimadutsa pomwepo. Kalozera woyamba tinayambira pamenepo. Agogo ndi amene ankayang'ana chingwe, ine kutembenuza, amalume kukhoma zikhomo. Ndikafulumira ankati, "Mwala sunakhazikike, ukuthamangira kuti?" Tinaunga akalozera atatu tsiku limenelo, ndipo m'kachigwembe muja tinatchingamo ndi miyala ndi zikhomo malo anayi. Vetiva tapempha kwa mlimi wotsogola, tidzadzala mvula ikagwa yokwanira. Ngati dothi ligwire kapena ayi, tidzaona mu Febuluwale.

Aphunzitsi a Ulimi andipatsanso mwayi pa msonkhano wa makolo wotseka teremu. Ndapempha kuti gawo langa lisachitikire m'kalasi koma kuseri kwa zimbudzi, pa chigwembe pomwepo, ndipo avomera ngakhale ahedi anayamba akwinya nkhope. Ndikufuna anthu anayi ondithandiza, awiri onyamula madzi, awiri ogwira chida. Lachitatu likudzali tikaweruka tikumane kumunda wa sukulu kuti tiyeserere. Amene kwawo kuli nsungwi abweretse ziwiri zotalika ngati chitseko ndi imodzi yaifupi. Mabeseni ndibwereka kwa amayi, chingwe ndili nacho, mwala tikatola konko.